London: zipilala zawo, mafupa athu

Mukafunsa acinyamata a ku Matero kapena ku Chilenje kuti London amaidziwa ndi ciani, ambiri adzachula Arsenal ndi Chelsea, ena adzati Big Ben. Koma Big Ben si nsanja ija mumaona pa zithunzi ai. Ndi belu la mkati mwake, lolemera matani oposa 13, limene linayamba kulira mu 1859. Nsanjayo kuyambira mu 2012 imachedwa Elizabeth Tower. Ife a pa wailesi timalidziwa ndi khutu, cifukwa BBC yakhala ikuulutsa kulira kwake kwa zaka zambiri. Nsanjayi ndi mbali ya nyumba ya malamulo ya Britain, ndipo m'nyumba imeneyi ndimo munadutsa lamulo lopatsa Zambia ufulu mu 1964.

Mukaoloka msewu mwafika pa Westminster Abbey, chalichi cimene mafumu a England akhala akuvekedweramo cisoti kuyambira mu 1066. Nayenso Charles III anavekedwera momwemo mu 2023. Alendo ambiri amathamangira ku manda a mafumu, koma inu muyang'ane pansi. Pakati pa chalichico pali mwala wa manda a David Livingstone.

Livingstone anamwalira mu May 1873 kwa Mfumu Chitambo, kuno kwathu. Anyamata ake anacotsa mtima n'kuukwirira pansi pa mtengo wa mpundu, thupi analithira mcere n'kuliumitsa padzuwa. Kenaka Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzawo analinyamula wapansi kwa miyezi pafupifupi 9, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja. Linaikidwa mu Abbey pa 18 April 1874. Kwa ine, ulendo wa onyamula aja ndi waukulu kuposa mwalawo.

Kum'mawa, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kuli Tower of London, linga limene William the Conqueror anayamba kumanga ca m'ma 1078. Linakhalapo nyumba ya mfumu komanso ndende. Manje anthu amaima pa mzere kuti aone zisoti zacifumu, ndipo daimondi yaikulu ya pa ndodo ya mfumu inadulidwa ku mwala wa Cullinan, wopezeka ku South Africa mu 1905.

Koma malo amene amandikhudza kwambiri ndi Natural History Museum ku South Kensington, cinyumba cokongola cimene cinatsegulidwa mu 1881, ndipo polowa salipiritsa. Kumeneko ndiko kumasungidwa cibade ca Broken Hill Man. Anacifukula mu 1921 mu mgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, tauni imene lero timaicha Kabwe. Asayansi anacipimanso mu 2020 ndipo anapeza kuti cili ndi zaka pafupifupi 300,000. Ndi cimodzi mwa zibade za anthu akale zosungika bwino kwambiri zimene zinapezekapo mu Africa, moti ngakhale mano ake obooka amaoneka.

Kampani ya mgodi ndiyo inacipereka ku London, nthawi imene mwini dziko analibe mau. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe kuyambira m'ma 1970, nkhaniyo inafika mpaka ku UNESCO, koma cikali komweko. Mwana wa sukulu wa ku Kabwe akafuna kuciona kuno kwathu amaonetsedwa cofanizira cabe, pamene ceniceni cili kuseri kwa viza ndi tikiti ya ndeke.