Kubwereza kafukufuku ku Ndirande ndi Zingwangwa

Kubwereza kafukufuku ndi kuchitanso zimene zinayesedwa kale, n'cholinga choona ngati zotsatira zake zitulukenso chimodzimodzi. M'Malawi muno ntchitoyi inazika mizu m'makomboni a Blantyre, makamaka ku Ndirande, kumene anthu amakhala mothithikana, chipatala chaching'ono cha boma chili pafupi, ndipo chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amangochitcha Gulupu, sichili patali.

Nkhani imayambira pa malungo. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba kupereka Fansidar, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titamuzolowera mankhwala akalewo. Ofufuza anapitiriza kuyeza magazi a odwala mu Blantyre, ndipo anapeza kuti tizilombo tosamva kolorokwini, timene mu 1992 tinkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse, tinatsika kufika pa 13 pofika mu 2000. Komabe umenewu unali umboni wa mu labotale, osati wa mwana wochira. Choncho mu 2005 gulu la Miriam Laufer wa ku yunivesite ya Maryland, pamodzi ndi Blantyre Malaria Project, linayesa funso lomwelo mwa njira ina pa chipatala cha Ndirande. Ana 210 anagawidwa mwamaere, ena kulandira kolorokwini, ena Fansidar, ndipo anawalondola kwa masiku 28. Kolorokwini anachiza 99 pa 100 alionse, pamene Fansidar anachiza 21 okha.

Ngakhale zinatero, boma silinabwezeretse kolorokwini. Mu 2007 linasankha mankhwala ena a malungo otchedwa LA. Chifukwa chake n'chomveka. Zotsatirazo zinali za Ndirande, pa nthawi imene m'maiko oyandikana nafe tizilombo tosamva mankhwalawo tinali tidakalipo, ndipo udzudzu ndi apaulendo safunsa malire.

Kafukufuku wa katemera wa tayifodi anakonzedwa mosiyana: kubwereza kunali m'mapulani kuyambira pachiyambi. Katemera wa Typbar-TCV anayesedwa ku Nepal, ku Bangladesh ndi ku Malawi. Kuno, mu 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anabayidwa pansi pa bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome. Theka linalandira katemera wa tayifodi, theka linalo wa matenda oumitsa khosi, kuti pasakhale mwana wobayidwa zopanda ntchito.

Chiwerengero chachikulu chotero sichinali chodzionetsera. Tayifodi wotsimikizika poyeza magazi sapezeka kawirikawiri, moti pa ana onsewo, amene anadwala anali 12 m'gulu la katemera wa tayifodi ndi 62 m'gulu linalo. Pa manambala awiriwa ndi pamene panachokera chitetezo cha pafupifupi 81 peresenti chimene chinalengezedwa mu 2021. Akanatenga ana 2,000 okha, odwala akanakhala owerengeka pa zala, ndipo kusiyana kwa magulu awiriwo kukanatha kukhala kwa mwayi chabe. Ngakhale ndi ana 28,000, ofufuza sanatchule nambala imodzi yokha. Anati chitetezo chenicheni chiyenera kukhala pakati pa 64 ndi 90 peresenti. Nepal inapeza pafupifupi 82, Bangladesh 85. Wowerenga mothamanga angati katemerayu amagwira bwino ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, kusiyana ndi ku Zingwangwa, koma manambala atatuwa onse ali mkati mwa malire aja, ndipo tanthauzo lake n'lakuti maiko atatuwa anapeza chinthu chimodzi. Mu Meyi 2023 boma linayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse.

Pa nkhani za kayendetsedwe ka bizinesi, kubwereza n'kovutirapo, chifukwa mankhwala ndi amodzimodzi kulikonse koma malamulo a malonda amasiyana dziko ndi dziko. Ofufuza a World Bank anali atapeza ku Sri Lanka kuti kuuza eni mabizinesi ang'onoang'ono njira yolembetsera ku boma, ngakhale kuwabwezera ndalama zolembetsera, sikunawakope. Ena anasuntha atapatsidwa ndalama zina pamwamba. Kuyambira mu 2012, Francisco Campos, Markus Goldstein ndi David McKenzie anayesa funsoli pa mabizinesi 3,002 osalembetsa a ku Blantyre ndi Lilongwe. Pano zinatuluka mosiyana: pafupifupi 75 pa 100 alionse amene anathandizidwa analandira chiphaso cha bizinesi.

Kusiyanaku sikunasonyeze kuti kafukufuku wa ku Sri Lanka anali wolakwika. Ku Malawi kulembetsa bizinesi ndi kulembetsa msonkho zinali njira ziwiri zosiyana, ndipo ofufuza anazipatula mwadala m'magulu awo. Eni magolosale, mashopu ndi timalo ta amisiri analandira chiphaso mosavuta, koma pa kutenga nambala ya msonkho ku MRA anavomera ndi ochepa kwambiri. Chimene amalonda ankachizemba si boma lonse ayi, koma msonkho, ndipo mfundo imeneyi sikanaoneka m'dziko limodzi lokha.

Panalinso gulu lachitatu, limene pamwamba pa chiphaso linakumana ndi anthu a ku banki n'kuthandizidwa kutsegula akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo. Chiphaso pachokha sichinasinthe phindu m'njira yooneka, koma m'gulu la banki malonda anakwera ndi pafupifupi 20 peresenti ndipo phindu ndi 15 peresenti. Zotsatira za mtundu umenewu, zochokera ku gulu limodzi, banki imodzi ndi mizinda iwiri, ofufuza amazitenga ngati zofunika kuyesedwanso kwina asanazisandutse lamulo.