Mehboob Khan, Mmwenye amene anajambula misozi ya mlimi

Ine ndine mlimi, ndimalima chimanga ndi masamba m'mbali mwa Zambezi kuno ku Tete. Papulogalamu ya nyimbo zakale munatchulidwa filimu ya Mother India, ndiye ndati ndikuuzeniko mbiri ya mwini wake.

Dzina lake ndi Mehboob Khan. Anabadwa mu 1907 ku Bilimora m'dera la Gujarat, dera lomwe kunachokera makolo a amwenye ambiri ochita malonda mu Mozambique muno. Sukulu sanapite nayo patali, ngati ine ndemwe. Ali mnyamata anapita ku Bombay, kumene lero amati Mumbai, nayamba ngati woonekera chabe m'gulu la anthu pojambula. Pang'onopang'ono anaphunzira ntchito, mpaka mu 1935 anatsogolera filimu yake yoyamba.

Mu 1940 anapanga Aurat, kutanthauza kuti mkazi, nkhani ya mayi wa kumudzi. Kenaka anatsegula kampani yake, Mehboob Productions. Mu 1949 anatulutsa Andaz, momwe munali Dilip Kumar, Raj Kapoor ndi Nargis. Mu 1952 kunabwera Aan, yamitundumitundu, yomwe inaonetsedwa mpaka ku London. Mu 1954 anamanga malo ake ojambulira ku Bandra.

Koma nkhani ya mayi uja sinamchoke mumtima. Mu 1957 anaijambulanso, n'kuitcha Mother India. Apa mvetserani bwino, alimi anzanga. Radha akukwatiwa, apongozi ake akukongola ndalama zokwana 500 rupees za ukwati kwa wakatapila Sukhilala. Mayiyo sadziwa kuwerenga, ndipo pepala lomwe anavomereza likunena kuti pa magawo anayi a zokolola, atatu ndi a Sukhilala. Mwamuna wa Radha mwala ukumuphwanya manja akuswa mphanje, ndipo chifukwa cha manyazi akuthawa pakhomo. Madzi osefukira akukokolola mbewu. Radha akukoka yekha pulawo ngati ng'ombe kuti ana adye. Mwana wake Birju akukula ndi mkwiyo, akupha Sukhilala n'kuba mwana wake wamkazi, ndipo Radha akuwombera mwana wobala yekha kuti apulumutse mtsikanayo.

Pojambula, moto unamzinga Nargis amene anali Radha. Sunil Dutt, yemwe anali Birju, anamupulumutsa napsa nawo, ndipo mu 1958 awiriwo anakwatirana. Chaka chomwecho filimuyi inakhala yoyamba ya ku India kulowa m'gulu lomaliza lopikisana pa mphoto ya Oscar ku America, koma inapambana ndi ya ku Italy.

Mathero ake sanali okoma. Son of India ya 1962 anthu sanaikonde, ndalama zinalowa m'madzi. Anamwalira pa 28 May 1964, patangopita tsiku limodzi chimwalirire Nehru, nduna yaikulu ya India.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti chiyankhulo chawo sitimva, koma ngongole ija timaimva. Ndani mwa ife sanaonepo mnzake akutenga feteleza kapena mbewu pangongole, kenaka pokolola matumba onse n'kupita? Radha sinali mvula yokha yomwe inamsaukitsa, linali pepala losawerengedwa. Ndiye ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tikambirane izi: munthu asanadinde chala, wina wa m'kalabu wodziwa kuwerenga azimuwerengera pepalalo mokweza, tonse tikumva.