Tommy Nobis, chiphona choiwalika cha ku Atlanta

Abale amene mumaonera mpira wa ku America Lamulungu, mwina dzina la Tommy Nobis simunalimvepo. Komatu mu Disembala 1965 matimu awiri ankamulimbirana, moti Frank Borman, ali m'mlengalenga m'chombo cha Gemini 7, anatumiza uthenga womupempha kuti asankhe Houston. Iye anasankha Atlanta Falcons, timu yongobadwa kumene.

Kuyambira 1966 mpaka 1976 anasewera ngati linebacker, ntchito yake kugwetsa aliyense wothawa ndi mpira. Timuyo imati m'chaka chake choyamba chokha anagwetsa adani ka 294. Ku Pro Bowl anasankhidwako kasanu.

Nanga bwanji sali mu Hall of Fame ya ku Canton, Ohio? Ena amati n'chifukwa Falcons sinafike m'ma playoff ndi kamodzi komwe pa nthawi yake. Koma Dick Butkus wa Chicago Bears nayenso sanalaweko ma playoff, chikhalirecho analowamo mu 1979. Ine ndimaona kuti Butkus anapindula ndi dzina la timu yakale, pomwe Nobis ankavutikira timu yosadziwika.

Anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 74. Akatswiri a ku Boston University atapima ubongo wake anapezamo CTE, matenda obwera chifukwa chogundidwa m'mutu mobwerezabwereza, ndipo anali atafika poipitsitsa.