Za Nkhukundembo ya m'Chire ndi Mfuti Yoisakira

Ana a sukulu akafunsa kumene inacokera nkhukundembo, aphunzitsi ambiri ayankha kuti inadza ndi Azungu. Sanama potero, koma yankho limenelo liri lalifupi. Dzina lomwe litiuza kuti mbalameyi ndi mlendo pakati pathu, pakuti amene anaicha analumikiza mau awiri, nkhuku ndi ndembo, ndiyo njobvu m'Ciyao, monga kunena nkhuku yaikuru koposa zinzace. M'kalankhulidwe liuli litsata nkhuku, ndipo timati nkhukundembo imodzi, nkhukundembo ziwiri. Angelezi naonso anasokonezeka nayo. Dzina lao lakuti turkey analipatsa poyamba nkhanga yathu yomwe, ndipo pamene anthu a ku Spain anatenga mbalame yatsopano ku Mexico m'zaka zoyamba za 1500 naifikitsa ku Ulaya, Angelezi anaicha dzina lomwelo. Ngakhale Linnaeus, wolongosola maina a zamoyo, m'caka ca 1758 anaicha Meleagris, ndilo dzina la nkhanga m'Cihelene.

Kwao kwa mbalameyi ndi ku America wa Kumpoto, ndipo kumeneko iripo ya m'chire kufikira lero. Isiyana kwambiri ndi yathu yoyendayenda pabwalo: iuluka, igona m'mitengo, iri ndi liwiro, ndipo maso ace ali akuthwa kotero kuti munthu akangosuntha dzanja yathawa kale. Tambala wace wamkuru afika makilogalamu 8 kapena 10. M'mau otsatawa tifuna kufotokoza umo anthu a ku United States anaisakira mbalameyi, ndi umo anafikira posankha mfuti ndi zipolopolo zimene aisakira tsopano, pakuti mbiri ya mfutiyo siimveka tikaisiyanitsa ndi mbiri ya mbalame.

Eni dziko a makedzana anaisaka ndi mauta ndi misampha, naiitana poyamwa mpweya m'mapfupa a phiko lace. Azungu amene anayamba kumanga midzi kumeneko m'zaka za 1600 anadza ndi mfuti za gogodera, zonga zomwe akuru athu azidziwa, zothira onga ndi mtobvu pakamwa ndi kugogodera ndi kamtengo. Masiku amenewo panalibe kusankha mfuti. Munthu anali nayo imodzi, ya gwape ndi ya mbalame yomwe, naikamo cipolopolo cimodzi cacikuru kapena njere zambiri za mtobvu monga anafunira. Mbalame zinali zosawerengeka, ndipo alenje ogulitsa nyama m'misika anazipha mosalekeza. Ena anathira cimanga m'ngalande yaitali, nadikira kuti mitu yambiri iwerame pamzere umodzi, naomba kamodzi; ena anaziombera usiku m'mitengo yogonamo; ena anamanga makola a mitengo okodwamo gulu lonse. Nkhwangwa inatsiriza cimene mfuti inasiya, pakuti nkhalango zinadulidwa kuti pakhale minda. M'cigawo ca Massachusetts nkhukundembo ya m'chire yotsiriza inaphedwa m'caka ca 1851. Pofika 1920 inali itatha m'zigawo 18 mwa zigawo 39 zimene inakhalamo kale, ndipo m'zaka za 1930 ena awerenga kuti zinatsala 30,000 zokha m'dziko lonselo, cinkana ena ati zinaposa pamenepo.

Boma linayamba ndi malamulo. La Lacey, la 1900, linaletsa kuoloka malire a zigawo ndi nyama yophedwa mosaloledwa, ndipo malonda a alenje aja anafooka. La Pittman-Robertson, la 1937, linalamula kuti msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo uzipita ku nchito yosunga nyama za m'chire; lero pa mfuti zazitali ndi zipolopolo msonkhowo uli magawo 11 pa 100. Cotero munthu wogula cipolopolo anayamba kulipirira mbalame imene afuna kuiomba. Koma ndalama sizinabweza mbalame msanga. Zaka zambiri anayesa kuswetsa nkhukundembo m'makola ndi kuzitaya m'thengo, ndipo zinafa, pakuti mwanapiye wosaleredwa ndi mace m'chire sadziwa nkhandwe kapena kadzidzi. Njira inapezeka m'caka ca 1951 m'nkhalango ya Francis Marion ku South Carolina, kumene Herman Holbrook anagwira za m'chire zenizeni ndi ukonde woponyedwa ndi timizinga ta onga. Zogwidwa cotero anazitumiza ku zigawo zopanda mbalame. Massachusetts analandira 37 zocokera ku New York m'zaka za 1972 ndi 1973, ndipo tsopano ziyenda ndi m'miseu ya m'midzi yomwe. M'caka ca 1973, pamene linayamba bungwe la National Wild Turkey Federation, dziko lonse linali nazo ngati 1,300,000. M'zaka zoyamba za 2000 zinayandikira 7,000,000, m'zigawo zonse kupatula Alaska. Kuyambira pamenepo zacepako ndithu m'zigawo zina, ndipo zina mwa izo zafupikitsa masiku a kusaka.

Mbalame inabwera, koma usodzi wakale wa m'ngalande sunabwere nayo. Kusaka kwakukuru tsopano kucitika m'miyezi ya April ndi May, nyengo imene atambala alira kufuna akazi, ndipo lamulo lilola kupha tambala yekha, mmodzi kapena owerengeka pa nyengo yonse. Mlenje alawira kusanace, akhala pansi atatsamira mtengo, abvala nsaru za maonekedwe a masamba, naliza kabokosi ka mtengo kapena cina cotsanza thadzi, kuti tambala adze yekha. Akhoza kudikira masiku ambiri kuti aombe kamodzi kokha. M'zigawo zambiri mfuti ya cipolopolo cimodzi iri yoletsedwa nyengo imeneyi, cifukwa cipolopolo cotero cipita kutali, ndipo m'nkhalango momwemo muli anthu ena obisala amene alira ngati mbalame. Yatsala mfuti ya cifefe, yoponya njere zambiri pamodzi.

Apa pali cododometsa. Cifefe anacipangira mbalame zouluka, kuti njere zimwazike ndi kupeza bakha kapena nkhwali m'mlengalenga. Nkhukundembo aiomba iri ciriri pansi, ndipo thupi lace liri lobvuta kulasa: nthenga ziri zokhuthala, mapiko akuta nthiti ngati cikopa, ndipo nganga iri ndi mnofu wambiri. Njere zolowa m'thupi kawirikawiri zingoilemaza. Ithawa, nikafera m'chire patapita masiku, nyama nkuonongeka. Cifukwa cace mlenje alunjika pamutu ndi pakhosi, kumene ubongo ndi mapfupa a khosi ali pafupi ndi khungu. Koma ubongo wa tambala uli waung'ono, ndipo mapfupa a khosi sapambana cala ca munthu m'mimba mwace. Mfuti yopangidwira kumwaza iyenera tsono kusonkhanitsa, ndipo kusankha konse kwa mfuti ndi zipolopolo kucokera pa bvuto limeneli.

Cosonkhanitsa njere ndico kucepetsa m'mero wa mfuti pafupi ndi pakamwa pace. Angelezi acicha choke, ndiko kutsamwitsa. Sylvester Roper wa ku America analembetsa nzeru imeneyi m'caka ca 1866, ndipo W. W. Greener wa ku Birmingham anaikonza bwino naichukitsa m'caka ca 1874. Masiku ano mfuti zambiri ziri ndi kacitsulo kopotera pakamwa, kakuti mlenje acotse ndi kuikapo kena, ndipo osaka nkhukundembo asankha kopanikiza koposa.

Kukula kwa mfuti kuwerengedwa modabwitsa, ndipo aphunzitsi a masamu angakonde kuyesa nako ana ao. Cifefe ca namba 12 ndico cimene mibulu 12 ya mtobvu, uli wonse wodzaza m'mero wace, ilemera paundi imodzi. Ca namba 20 cifuna mibulu 20. Potero namba ikakula mfuti icepa: m'mero wa namba 12 uli ngati mamilimita 18.5, wa namba 20 ngati 15.6. Kamfuti kochedwa .410 kokha kayesedwa ndi inchi. Njere nazonso zitero, namba yaikuru njere yaing'ono. Mu aunsi imodzi ya mtobvu, ndiyo magalamu 28, mulowa njere za namba 4 ngati 135, za namba 5 ngati 170, za namba 6 ngati 225. Zaka zambiri mtsutso wa alenje unali pa manamba atatu amenewa. Njere yaikuru isunga mphamvu yace patali, koma ziri zocepa, ndipo mutu wa tambala ukhoza kupulumuka pakati pa izo. Yaing'ono idzaza malo, koma ifooka msanga. Ambiri anaima pakati, pa namba 5.

Mtsutsowo sutha ndi pakamwa, cifukwa mfuti ziwiri za mmisiri mmodzi siziponya mofanana. Mwambo wa alenje osamala ndiwo kupacika pepala lalikuru pa mayadi 40, kuombapo, kulemba bwalo la mainchi 10 m'mimba mwace pamene njere zacuruka, ndi kuwerenga mabowo. Ambiri afuna mabowo 100 m'bwalomo. Akapanda kukwana, asintha zipolopolo, kapena kacitsulo ka pakamwa, kapena abvomera kuti mfuti yaoyo njoombera pafupi. Pepala lomwelo lionetsanso ngati njere zigwa pamene diso lalunjika, pakuti mfuti yopanikiza kwambiri, tambala akafika pa mapazi khumi ndi asanu, iponya njere zonse pamalo onga cibakera, ndipo munthu aphonya mosabvuta mutu umene sukhala cete.

Opanga mfuti anayamba ayesa kukwaniritsa mabowo aja ndi kucurukitsa mtobvu. Cipolopolo ca namba 12 cotalika mainchi 3 cinaturuka m'caka ca 1935, ndipo m'caka ca 1988 a Mossberg ndi a Federal anaturutsa ca mainchi 3½, conyamula mtobvu wa maaunsi awiri kapena kuposa. Cimeneci cikankha phewa koopsa, makamaka munthu atatsamira mtengo wosamlola kubwerera m'mbuyo, ndipo alenje ambiri anaphunzira nazo kutsinzina ndi kugwedeza mfuti asanaombe. Tiyesa ife kuti mbalame zambiri zinapulumuka ndi mantha a phewa amenewo.

Kusintha kwakukuru kunadza ndi citsulo cochedwa tungsten. Mtobvu ulemera magalamu ngati 11 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Njere zolemera koposa za tungsten zifika 18. Njere yaing'ono yolemera cotero ilowa mozama ngati yaikuru ya mtobvu, ndipo za namba 9 zilowa ngati 360 mu aunsi imodzi. A Federal anayamba kuzigulitsa poyera m'caka ca 2018, ndipo kuyambira pamenepo alenje ambiri anasiya namba 12 natenga namba 20, ena kamfuti ka .410 kamene kale anakayesa ka ana. Zigawo zina zinasintha malamulo ao kuti zilole njere zazing'ono cotero. Ana, akazi ndi okalamba anapeza mfuti yopepuka yosapweteka phewa. Mtengo wace ndiwo wowawa, pakuti cipolopolo cimodzi ca tungsten cigula zambiri za mtobvu, ndipo munthu aumira kuziombera pepala, kumene kuli kofunika koposa. Ku California kusankhako kunacepa, cifukwa kuyambira 1 July 2019 mtobvu uli woletsedwa pa kusaka kuli konse, popeza mbalame zodya mitembo zimafa nao.

Ogulitsa anena kuti zipolopolo zatsopano zipha pa mayadi 60 ndi kupitirira, ndipo pa pepala zitero ndithu. Ife tiima ndi alenje akuru amene asungabe malire a mayadi 40 kapena pafupi pamenepo. M'nkhalango, m'bandakuca, mtima ukugunda, munthu sayesa mtunda bwino. Tambala amene amuyesa wa pa mayadi 50 akhoza kukhala pa 65, ndipo pakati pali nthambi ndi mphepo. Wolemala pamenepo ndi mbalame imene anthu anaibweza ndi ukonde ndi msonkho wa zaka makumi ambiri. Ndiponso luso lonse la kusaka kumeneku liri m'kuitana. Woombera kutali wasiya nchito ya pakamwa naipatsa citsulo.

Patali pabisalanso ngozi yoopsa koposa, ndiyo kulasa munthu mnzako. Ku Missouri ndi zigawo zina lamulo liletsa njere zazikuru zoposa namba 4, kuti wolasidwa mwangozi akhale ndi moyo. Alenje aphunzitsidwa kusabvala cofiira, coyera kapena cobiriwira ngati thambo, pakuti ndiwo maonekedwe a mutu wa tambala, ndi kusaomba asanaone ndebvu za pacifuwa pace, ndizo nthenga zonga tsitsi zolendewera pamenepo. Aphunzitsidwa kusankha mtengo wotsamira waukuru kuposa mapewa ao, ndi kusanyang'amira kulira kwa thadzi, popeza woliza akhoza kukhala munthu. Ndipo wobisala akaona mlenje wina alinkudza kwa iye, sakweza dzanja, saimirira, salizanso kabokosi kace. Akhala cete pamalo pomwepo nalankhula mokweza ndi mau a munthu kufikira winayo atayankha.