Zimene Msilikali Sankalemba M'kalata

Tikamaphunzira za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, timaloweza maina a akuluakulu monga Eisenhower ndi Patton. Ine chidwi changa chili pa mnyamata wamba wa ku America amene ankagona m'dzenje ku Italy kapena ku Normandy, n'kumalembera mayi ake kalata.

Kuyambira June 1942 mpaka November 1945, makalata ambiri ankatumizidwa m'njira yotchedwa V-mail. Msilikali ankalemba papepala limodzi lokha, kalatayo n'kujambulidwa pafilimu yaing'ono kuti ipepuke m'ndege, kenako n'kusindikizidwanso ikafika ku America. Koma isananyamuke, mkulu wa asilikali ankayamba waiwerenga, n'kufufuta dzina la malo ndi chilichonse chimene chikanathandiza adani.

Mnyamatayo ankadziletsanso yekha. Ndani angauze mayi ake kuti mnzake wafera pambali pake dzulo? N'chifukwa chake makalata ambiri amakamba za chakudya, kuzizira, masokosi ndi kusowa achibale. Nthawi zina banja linkalandira kalata yonena kuti mwana wawo ali bwino, telegalamu ya imfa yake itafika kale.

Choncho ndikuona kuti aliyense wotenga makalatawa ngati chithunzi chonse cha nkhondo anamizika. Amatiuza zimene mwana ankafuna kuti makolo ake akhulupirire. Zotsalazo tiyenera kuzifufuza m'malipoti a nkhondo ndi a zipatala.