Ndani Anagawa Ziganizo za Chingerezi Patatu?

Tili Fomu 2, aphunzitsi athu a Chingerezi ankalowa ndi choko m'dzanja limodzi, kandodo m'dzanja linalo. Simple, compound, complex: chiganizo chopanda nthambi, cha ziganizo zingapo, ndi cha nthambi. Ukalephera kupeza nthambi yosaima payokha, zikhato zinkayaka. Ineyo ndinkangoti magawo atatuwa anabadwa nacho Chingerezicho. Ayi ndithu.

Zaka 1,000 zapitazo chinenerochi sichinkadalira malo a mawu ngati lero. Mawu ankasintha maonekedwe malinga ndi ntchito yake. Mfumu ikakhala mwininkhani ankati se cyning, ikakhala pamtherankhani ankati þone cyning, choncho mawu ankatha kusuntha osasokoneza tanthauzo. Ife izi si zachilendo. Tikati "mbuzi zamuthawa mnyamata" kapena "mnyamata zamuthawa mbuzi", wothawidwayo ndi yemweyo, poti za- ndi -mu- akutiuza kale. Koma pamene anthu a ku England ankasakanikirana ndi ma Viking, kenako n'kugonjetsedwa ndi ma Norman mu 1066, timathero ta mawu tija tinkafufutika pang'onopang'ono. Chinatsala n'chiyani? Ndondomeko: mwininkhani patsogolo, mneni pakati, pamtherankhani pambuyo. Lero ukangosinthanitsa galu ndi munthu, wolumidwa wasintha.

Galamala yoyamba ya Chingerezi inalembedwa ndi William Bullokar mu 1586, motsanzira ya Chilatini. Robert Lowth mu 1762 ndi Lindley Murray mu 1795 ankalimbana kwambiri ndi mitundu ya mawu komanso kudzudzula zolakwa. Zosadzula chiganizo nthambinthambi zinafala m'sukulu mochedwa, kuchokera ku maganizo a Mjeremani Karl Ferdinand Becker. John Daniel Morell, woyendera sukulu ku England, anawatengera m'buku lake la mu 1852. Ku America, Reed ndi Kellogg mu 1877 anayamba kujambula ziganizo pa timizere ngati akupachika zovala pachingwe. Kenako J. C. Nesfield, yemwe ankagwira ntchito zamaphunziro ku India, analemba mabuku amene anayenda m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain. Ndiye kuti kandodo kaja kanadzera kutali, abale.

Chimene chimandiwawa si zikhato ayi. Tinatuluka m'kalasi muja tikukhulupirira kuti chiganizo chachifupi n'cha ana, wophunzira weniweni amaunjika nthambi. Kalata yanga yoyamba yofunsira ntchito inali ndi chiganizo chimodzi chodzaza mizere 7, ma which ndi ma whereby ali mbwee. Malume anga, omwe analekeza Sitandade 6 yakale, anaiwerenga kawiri, navula magalasi.

"Mphwanga, kodi ukupempha ntchito kapena ukuwaopseza?"

Anandilembetsanso pomwepo pakhonde. Zinatuluka ziganizo zisanu, zinayi mwa izo zopanda nthambi.