Kodi nambala zokana kugawika zinachokera kuti?

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 2 akuti pali nambala zotchedwa prime number, ndipo ina ndi yaitali moti singakwane m'kope. Ine ndimapikula nsomba ku Senga Bay, masamu anga ndi a pamchenga. Zimenezi anayambitsa ndani? Ndine mayi wa geni, Salima.

YANKHO: Mayi, masamu a pamchengawo ndi omwewo. Nsomba 12 mutha kuziika milu iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi yofanana. Zikakhala 13, mungasinthe milu chotani, zina zitsalabe, pokhapokha muunjike mulu umodzi kapena muyale imodziimodzi. Nambala zamakani chonchi ndizo akunena mwanayo: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, mpaka kutsogolo.

Mwina oyamba kuzizindikira anali anthu a kunyanja ngati inu. Mu 1950, ku Ishango m'dziko la Congo, pafupi ndi nyanja ya Edward, wofufuza wina, Jean de Heinzelin, anafukula fupa la zaka pafupifupi 20,000 pamalo pomwe kale pankakhala asodzi. Mzere umodzi wa fupalo uli ndi timizere tojoba m'magulu a 11, 13, 17 ndi 19. Akatswiri ena amati zinangochitika mwangozi. Ine ndimakayika ngati ngozi imadziwa kusankha chotero, koma fupalo lili ku Brussels ndipo silikuyankha.

Umboni wolembedwa ndi wa Euclid wa ku Alexandria, cha m'ma 300 BC. Iye anaonetsa kuti nambalazi zilibe malire: chulukitsani zonse zomwe mukuzidziwa, muwonjezere 1. Yankho lake silingagawike ndi iliyonse mwa izo, ndiye kuti ilipo ina yomwe simunaiwerenge.

Zazitali zomwe akunena mwana wanu ndi za mtundu wa Mersenne, dzina la wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648. Mumachulukitsa 2 ndi 2 kangapo n'kuchotsapo 1. Ma 2 atatu apereka 8, kuchotsa 1 itsala 7. Asanu apereka 32, kuchotsa 1 itsala 31. Koma njirayi imanamiza: ma 2 okwana 11, kuchotsa 1, apereka 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku America, pogwiritsa ntchito makompyuta ambirimbiri m'gulu la GIMPS lofufuza nambala zoterezi, anapeza ya ma 2 okwana 136,279,841. Ili ndi manambala 41,024,320 ondondozana. Mutati muzilemba imodzi pa sekondi, osagona, osapita kudooko, chaka chingathe, miyezi itatu n'kudutsanso musanamalize.

Yaikulu chonchi ilibe ntchito pamsika. Zocheperapo, za manambala mazana angapo, ndizo maloko a chinsinsi pa intaneti mu njira ya RSA ya mu 1977.

Mwanayo akunena zoona, mayi. Mumugulire kope lina, koma asayambe kuikopera.